Asanakukopeni ndi "save K2.5 million": mmene mungapezere mtengo weniweni wa galimoto yakale

Ma poster a "was K19.5 million now K17 million, SAVE K2.5 million" achuluka heavy masiku ano, pa Facebook, pa ma status a WhatsApp, olo pamapepala amene amamata pagalasi lakutsogolo m'mayadi a galimoto ku Limbe ndi m'tauni mu Blantyre. Ndipo amene timakodwa msanga ndi ife a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, osati poti ndife ogona ayi, koma mayadi akuluakulu kuno kulibe, galimoto timayamba kuionera pafoni, nde pofika tsiku lokwera Sienta pa Chitakale kapena pa Luchenza kupita ku Limbe mtima umakhala utagula kale. Transipoti walipira, kuntchito wapempha tsiku, ndalama ili mu akaunti ikuyabwa, kubwerera chimanjamanja kumaoneka ngati manyazi. Madila amazidziwa bwino zimenezi.

Chomwe ndikufuna chikhazikike m'mutu musanawerenge zina zonse ndi ichi: nambala ija alemba kuti mwapulumutsa zakutizakuti si ndalama, palibe amene akupatseni m'manja. Nambala ya ntchito ndi imodzi basi, ndalama zonse zimene zituluke m'thumba mwanu mpaka galimoto ili pamsewu, blue book ili m'dzina lanu, COF (chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi zili pagalasi. Imeneyoyo ndi yomwe mumaiika pambali pa ya galimoto ina yofanana nayo kwa wogulitsa wina. Tiyeni tione mmene mungaipezere, chifukwa pa poster siilembedwa.

Mtengo wakale uja unachokera kuti

Wogulitsa kaunjika pa Limbuli akafuna 8 pin pa jekete amayambira pa 15, inu nkunenerera mpaka 9, nkumabwerera kunyumba mukusekerera kuti mwamugwetsa. Pa galimoto ndi zomwezo, kungoti dila mtengo woyambira uja amaulemba yekha nkuukhwatchanso yekha ndi mzere wofiira inu musanatsegule nkomwe pakamwa, nde mukafika mumachita manyazi kunenereranso poti munthu wakuchotserani kale.

Njira yoyesera ndi yophweka ndipo simufunika kuchoka pakhomo. Lowani pa peji ya wogulitsayo mutsike mmunsi, miyezi iwiri itatu yapitayo, mufufuze galimoto yomweyo. Yang'anani nambala, mtundu, kakanda kapabampa, ma rimu, chilichonse chomwe chingakutsimikizireni kuti ndi yomweyo. Nthawi zambiri mupeza chimodzi mwa izi: mwina sinaikidwepo pa 19.5 mita chiyambire, mwina inaikidwapo sabata imodzi yokha kuti pakhale chokhwatcha, kapena, ichi ndi chosekesa, mwezi watha inali pa 16.5 ndipo "promotion" yaikweza. Mukachipeza jambulani screenshot pomwepo, ma post amafufutika. Mukapanda kupeza kanthu funsani mwaulemu pa WhatsApp, "Achimwene, mtengo wa 19.5 uja munauika liti, mungandionetseko post yake?" Wachilungamo akutumizirani. Wina ayamba za "bwana imeneyi ndi give away, pali akulu ena aku Zomba akubwera ndi cash mawa", nde mwadziwa kale yankho.

Kenako iwalani za 19.5, fufuzani mtengo wa pamsika. Sakani galimoto zingapo zofanana ndi imeneyo kwa ogulitsa osiyanasiyana, aku Blantyre, aku Lilongwe, ndi anthu wamba amene akugulitsa zawo. Koma zofanana zenizeni: dzina limodzi, chaka chimodzi, injini ya cc imodzi, mileji yoyandikana, komanso ngati ili ya IT (yongofika kumene kuchokera kunja, isanalembetsedwe kuno) kapena yalembetsedwa kale nkuyendapo m'misewu yathuyi. Apa mpomwe anthu amasokonezeka. Sienta ya shepu yakale inapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2015, ya shepu yachiwiri inayamba mu 2015, ndipo mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Vitz ilipo ya 1000cc ilipo ya 1300cc. Dila wochenjera amatenga mtengo wa yapamwamba nkuuika ngati "was" wa yapansi. Ngati zinzake zofanana zikuyenda pa 16.5 mita, ndiye kuti pa 17 simunapulumutse 2.5, mwaonjezera theka la mita. Manambala ndikutchulawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo a galimoto mukuifunayo.

Pali funso lina limene anthu safunsa. Kwacha inagwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, nkugwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo galimoto zonsezi zimagulidwa ndi madola kunja. M'dziko lotere mitengo ya galimoto imakwera, siitsika mwachisawawa. Nde mukapeza kuti mtengo watsikadi ndi mamita awiri, zoona zake ndithu, musangosangalala, funsani kuti bwanji. Mwina mwiniwake wapanikizika ndi ngongole ndipo mwachita mwayi, zimachitika. Koma mwinanso yakhala pa yadi miyezi yambiri aliyense wobwera ndi makaniko akuithawa.

Za omwe amalemba kuti yatsopano yake ndi ndalama zakuti nde mukupulumutsa 70 pa 100, sinditayapo nthawi. Galimoto ya zaka 12 siipikisana ndi yatsopano, imapikisana ndi zinzake za zaka 12.

Mitengo ya m'madola ndi nkhani ya "order yourself and save"

Apa nde pagona nkhani, makamaka kwa achinyamata ndi abale athu amene amatumiza ndalama kuchokera ku Joni kuti tiwagulire. Mumaona pa intaneti Passo yalembedwa madola ochepa zedi, pambali pake "30% off", kapena agent wa kuno akuti ndipatseni ndalama ndikuitanitsireni mupulumutsa mamita anayi kusiyana ndi kugula pa yadi. Kuitanitsa nokha kumatha kutchipa ndithu, sindikukana, koma werengani zonse kaye.

Yambani ndi kufunsa kuti mtengowo ndi FOB kapena CIF. FOB ndi mtengo wa galimoto itakwezedwa pa sitima ku doko la ku Japan konko, ulendo wa panyanja mulibemo. CIF ndi kuphatikiza ulendo wa panyanja ndi inshuwalansi yake mpaka doko lomwe mwasankha, kwa ife nthawi zambiri Dar es Salaam kapena Durban. Pa galimoto zotchipa, mtengo wa sitima umatha kufanana kapena kuposa mtengo wa galimoto yeniyeniyo, nde 30 pa 100 uja akachotsa pa FOB yokha, pa ndalama zonse amasanduka kachinthu kakang'ono. Ikafika ku Dar pali zolipira za padoko, pali clearing agent, pali dalaivala ndi mafuta kuchoka ku Dar kufika pa boda ya Songwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 900, ndipo kuchoka pa Songwe kutsika ku Karonga, Mzuzu mpaka kudzafika kuno kummwera ndi ulendo winanso wautali chimodzimodzi. Pa boda MRA ikudikira msonkho wake, ndipo msonkho wa galimoto zakale umayendera chaka chomwe inapangidwa ndi kukula kwa injini, osati chisoni chanu kapena discount imene munapatsidwa ku Japan. Mukatha apo pali clearance ya apolisi, kulembetsa ku Road Traffic, ma number plate, COF, inshuwalansi, ndipo galimoto yoyenda mtunda wonsewo imafuna service ikangofika, nthawi zina ndi matayala omwe, poti ena amabwera ndi matayala a nyengo ya chipale chofewa amene pa phula lotentha la kuno sakhalitsa.

Tengani pepala mulembe zonsezi mzere ndi mzere, ndipo msonkho musaumve kwa agent yekha, funsani ku MRA kapena kwa clearing agent wina wosakhudzidwa ndi malondawo, mutapereka chaka ndi cc zenizeni. Agent akakana kukupatsani mndandanda wolemba nkumangoti "zonse ndi 14 mita bwana musadandaule", dziwani kuti galimoto ikadzafika pa Songwe foni idzalira kuti duty yakwera onjezerani ziwiri, ndipo nthawi imeneyo simungathawe poti ndalama zanu zili kale mmenemo.

Chinanso, dola yake iti? Aliyense akudziwa kuti mtengo wa dola ku banki ndi wa kunja kwa banki ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo kupeza dola ku banki kumafuna kudikira. Pali ma poster amene kupulumutsa kuja amakuwerengera pa reti ya ku banki kuti kuoneke kokoma, koma tsiku lolipira akuuzani kuti forex yavuta tinagula modula. Funsani mtengo womaliza mu kwacha, wolembedwa, ndipo alembe kuti reti ikasintha asenze ndani.

Yotchipa poti msonkho sunalipidwe

Ife a m'malire tili ndi msampha wathuwathu. Kufupi ndi Muloza mumamva za galimoto ya nambala ya ku Mozambique imene ikugulitsidwa motchipa mochititsa chidwi, "mupulumutsa mamita asanu, mapepala tikonza". Galimoto ya nambala yakunja imalowa ndi chilolezo cha kanthawi, siinalipire msonkho wa kuno, nde mamita asanu mukuti mwapulumutsawo ndi msonkho womwe ukukudikirani, ndipo MRA ili ndi mphamvu yoigwira galimoto yotero. Chimodzimodzi galimoto zolowa duty free m'dzina la munthu kapena bungwe lololedwa, zili ndi malamulo ake pozigulitsa ndipo msonkho ukhoza kugwera wogula. Poster ikati "duty paid" pemphani mapepala a customs muone ngati chassis number yolembedwapo ikufanana ndi imene yadindidwa pa galimoto, nambala ndi nambala, osangoyang'ana zitatu zomaliza.

"Imamwa pang'ono, mupulumutsa pa mafuta"

Iyi imagwira kwambiri amene akufuna galimoto ya taxi ya Limbe–Mulanje kapena Thyolo–Makwasa, poti mafuta ndiwo amadya phindu lonse. Poster imati 25 km pa lita, olo 35 ikakhala hybrid (yoyendera petulo ndi batire). Manambala amenewa sikuti onse ndi opeka, ambiri amachokera m'mabuku a kampani yopanga galimotoyo, mwachitsanzo Toyota Aqua itatuluka mu 2011 inalembedwa 35.4 km pa lita. Koma anayeza bwanji? Ku Japan nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa JC08, galimoto ili yatsopano, ili pa makina mkati mwa nyumba, yopanda katundu, air con yozimitsa, ndipo muyesowo unkapereka manambala okoma kuposa a pamsewu weniweni mpaka anausintha nkubweretsa WLTC cha mu 2018. Tsopano inu mukuitenga ili ndi zaka khumi ndi kuposa, mwakweza anthu ndi matumba a nandolo ndi nanazi kumbuyo, mukukwera zitunda ndi makhota a pakati pa Bvumbwe ndi Thyolo Boma kapena kulowera ku Thekerani. Nambala ya m'buku ija simuiona.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti mumayenda makilomita 1,500 pa mwezi ndipo galimoto muli nayo pano imayenda 12 km pa lita, ndiye kuti mumathira malita 125. Poster ikuti yatsopanoyi ndi 25 km pa lita, malita 60, mwapulumutsa malita 65 mwezi ulionse, dila nkuchulukitsa ndi miyezi 12 ndi mtengo wa petulo nambala nkutuluka yaikulu yosangalatsa. Koma pamsewu ikamakupatsani 15 km pa lita mukuthira malita 100, mwapulumutsa 25 okha. Sikuti palibe phindu, lilipo, koma silikufika olo theka la lija analonjeza, nde ngati mumaonjezera mamita atatu pa mtengo chifukwa cha nkhani ya mafutayi, werengani kuti abwerera patatha zaka zingati.

Amene angakuuzeni zoona pa mafuta si dila, ndi madalaivala a pa siteji. Pitani pa Chitakale kapena pa depoti ya Thyolo mufunse amene akuyendetsa galimoto ya mtundu womwewo kuti kupita ku Limbe ndi kubwerera amathira malita angati. Akuuzani mosabisa, ndipo akuuzaninso kuti chimafa msanga ndi chiyani komanso spare yake ku Limbe imapezeka kapena mpaka kuitanitsa. Pa hybrid onjezani funso la batire lalikulu lija, likafooka galimoto imayamba kumwa ngati wamba ndipo kulisintha ndi ndalama yoti ikhoza kumeza zonse munapulumutsa pa mafuta chaka chonse. Muuze makaniko aike makina a diagnosis aone thanzi lake musanalipire. Komanso zambiri mwa tigalimoto tosamwa mafutati ndi tapansi kwambiri, ngati kwanu ndi kolowera m'misewu ya fumbi ya m'minda ya tiyi, nthawi ya mvula kapena chiperoni chikagwa masiku angapo muzikasiya pa trading centre nkukwera kabaza, ndalama inanso imeneyo.

Kulipira pang'onopang'ono "opanda chiwongoladzanja"

Mu 2024 Reserve Bank inakweza policy rate, chiwongoladzanja chomwe mabanki amatengera poika chawo, kufika pa 26 pa 100, kutanthauza kuti ngongole ya ku banki inali yodula kuposa apo. Nde munthu wa bizinesi amene naye amabwereka ndalama modula chonchi angakupatseni inu ngongole ya chaka chathunthu pa 0% chifukwa chiyani? Chiwongoladzanja chilipo, angochilowetsa mu mtengo.

Pochivumbula funsani mafunso awiri motsatana. Loyamba, "ndikalipira cash lero zonse, mtengo womaliza ndi zingati?" Lachiwiri, "ndikalipira pang'onopang'ono, deposit zingati, pamwezi zingati, miyezi ingati, ndipo pali fee ina iliyonse?" Tiyerekeze cash ndi K16 million. Pang'onopang'ono akuti deposit K8 million kenako K900,000 pamwezi kwa miyezi 12. Miyezi 12 ija ndi K10.8 million, kuphatikiza deposit ndi K18.8 million. Mwaonjezera K2.8 million pa ngongole ya K8 million, ndiye 35 pa 100 mukangoyang'ana pamwamba, koma poti ngongoleyo imachepa mwezi ndi mwezi pomwe inu mukulipirabe mofanana, chiwongoladzanja chenicheni chili pafupifupi 5 pa 100 mwezi ulionse. Ikani pambali pa zomwe SACCO ya kuntchito kwanu kapena banki ingakuuzeni, muone chotchipa ndi chiti. Kaya musankhabe ya dilayo poti ilibe mapepala ambiri, zili kwa inu, koma musankhe mukudziwa kuti si yaulere.

Ndipo werengani pomwe alemba za kuphonya mwezi. Ena amalanda galimoto deposit osabweza. Kwa mlimi wa tiyi kapena wa nandolo amene ndalama zake zimabwera mwa nyengo, chiganizo chimodzi chimenecho ndi choopsa kuposa chiwongoladzanja chonse.

Zaulere ndi swap

"Free full tank, free service, free registration, free insurance, worth K1.5 million." Ikani mtengo pa chilichonse nokha. Thanki ya tigalimoto ngati Sienta ndi Vitz ndi ya malita 40 ndi pang'ono, chulukitsani ndi mtengo wa MERA wa tsikulo. Service yaulere nthawi zambiri ndi oyilo ndi filita basi. Inshuwalansi yaulere funsani ngati ili third party (yolipira ena okha amene mwawaonongera) kapena comprehensive (yolipiranso galimoto yanu), komanso ya miyezi ingati, poti kusiyana kwake ndi kwakukulu. Mukaphatikiza mupeza nambala yanu, kenako nenani kuti "zaulerezi zisungeni, mundichotsere 1.5 mita mwalembayo pa mtengo". Muona nkhope ikusintha.

Swap and top up nayo ili ndi kachinyengo kake. Dila amakuchotserani mita imodzi pa yomwe mukugula nkukudyerani ziwiri pa yanu yakale, kapena amaikweza yanuyo mtengo kuti musangalale pomwe yakeyo sakutsitsa olo tambala. Zilekanitseni. Gwirizanani kaye mtengo wa cash wa yomwe mukufunayo musanatchule kuti muli ndi ina yoti musinthanitse, ndipo yanuyo mukhale mutafunsa kale kwa anthu awiri atatu kuti angaigule zingati.

Kutchipa kumene kwabisala m'galimoto mwenimwenimo

Nthawi zina mtengo ndi wotsikadi kuyerekeza ndi zinzake, pepala lanu la masamu likuvomereza, koma chomwe akugulitsa si chomwe alemba. Mileji imabwezedwa, galimoto ya 2010 nkumaonetsa 48,000 km pomwe chiwongolero chaterera, mphira wa pa buleki wadyeka mpaka chitsulo, mpando wa dalaivala wakhala dzenje. Ikakhala yochokera ku Japan pemphani export certificate, pamakhala polembedwa mileji ya pa nthawi imene inkayezedwa kumeneko, ndipo ngati pepala likuti 120,000 zaka zapitazo pomwe dashibodi ikuti 60,000 lero palibenso chokambirana. Pemphaninso auction sheet, pepala lomwe amalembapo giredi ya galimotoyo, ngati inadutsa ku okushoni: giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ili ndi zofooka zooneka, R ndi RA ndi zoti zinachitapo ngozi nkukonzedwa. Galimoto ya R ikhoza kuyenda bwinobwino zaka zambiri, vuto si limenelo, vuto ndi kuigulitsa poyerekeza ndi mtengo wa giredi 4 nkumati mwapulumutsa. Chaka nachonso amanamiza, yang'anani kansalu ka pa lamba wa mpando mmunsi, kawirikawiri pamalembedwa chaka chomwe lambayo anapangidwa, chikasiyana kwambiri ndi cha pa poster funsani.

Ikakhala yoti yayendapo kuno kummwera, kumbukirani kuti namondwe Freddy mu March 2023 anasefukiza madzi ndi matope ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera ena, ndipo galimoto yomira siitayidwa, imachapidwa nkubwerera pamsika. Tukulani kapeti, suzumirani pansi pa mipando ngati njanji zake zachita dzimbiri, tsegulani pomwe pamakhala tayala la spare muone matope ouma, nunkhizani mkati zitseko zitatsekedwa kanthawi. Mavuto a magetsi a galimoto yomira amatuluka pang'onopang'ono, lero mawindo mawa giya bokosi.

Makaniko mupite naye wanu wochokera kuno, osati amene dila wakuitanirani kuseri kwa yadi. Mumulipirira transipoti ndi tsiku lake, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi injini. Aiyatse ili yozizira, mukapeza injini yatentha kale inu musanafike funsani chifukwa chake. Aiyendetse pokwera, asangozungulira pa yadi. Zonse apeze zofunika kukonza, ma shock, ma bush, CV joint, matayala, batire, azitchule ndi mtengo wake ndipo inu muzilembe pa pepala lija pansi pa mtengo wogulira, poti nazonso zituluka m'thumba lomwelo.

Tsiku lopita ku yadi

Musananyamuke tumizani uthenga wolemba, osati kuimba foni: galimoto ilipo? mtengo wa pa poster ndi womwewo? mwaphatikizamo chiyani ndipo chatsala chiyani kuti ikhale m'dzina langa? chassis number ndi iti? Izi zikuthandizani kupewa masewera aja mukafika akuuzani kuti yotchipa ija yangogulidwa kumene mmawa uno koma tili ndi ina yabwino kuposa, pa mtengo wina. Ndipo deposit ya pa Airtel Money kapena Mpamba "yoti tikusungireni poti promotion ikutha Lachisanu" musatumize kwa munthu amene galimoto yake simunaigwire ndi manja. Alipo amene amangotola zithunzi za galimoto za eni ake nkuika mtengo wotsika, yadi alibe, galimoto alibe. Lachisanu lija limabwera sabata iliyonse, mukabwerera pa peji yomweyo mwezi wamawa mupeza promotion ikuthabe Lachisanu.

Dziwaninso amene mukulankhula naye. Pakati pa inu ndi mwini galimoto pamatha kukhala madobadoba awiri atatu, aliyense waikapo yake, nde discount akukupatsaniyo ndi kachidutswa ka zomwe anaonjezera okha. Funsani kuti blue book ili m'dzina la ndani ndipo munthuyo ali kuti. Ikakhala ndi dzina la banki kapena kampani yobwereketsa ndalama ndiye kuti ngongole siinathe, musalipire mpaka pakhale kalata yoti yamasulidwa. Kusintha umwini chitirani limodzi ku Road Traffic, ku Blantyre ndi pa Ginnery Corner, ndipo ndalama yomaliza ituluke zimenezi zikutheka, osati "tengani galimoto mapepala adzatsatira". Ndalama zikuluzikulu lipirani kudzera ku banki ku akaunti ya dzina lomwe lili pa pangano, kuti pakhale umboni.

Pangano lenilenilo lilembedwe, olo pa pepala la mu kope bola onse musayine ndi mboni: dzina la galimoto, chaka, chassis number, mileji ya pa dashibodi tsikulo, mtengo wonse, zaulere zonse analonjeza chimodzichimodzi, ndipo ngati anati "accident free" kapena "duty paid" mawu amenewo alowemo. Warranty ya pakamwa ya "ikavuta mudzangobwera nayo bwana" ilembedwe kuti ndi ya masiku angati ndipo ikukhudza injini ndi giya bokosi kapena chiyani. Amene akukana kulemba zomwe wanena ndi pakamwa pake, mutsanzikeni bwinobwino, Sienta zobwerera ku Mulanje zimapezeka mpaka madzulo.

Zikakhala kuti mwagula kale ndipo mwazindikira kuti poster inanama, malamulo alipo. Consumer Protection Act ya 2003 komanso Competition and Fair Trading Act yatsopano ya 2024 zimaletsa kutsatsa malonda monamiza ogula, ndipo bungwe lolandira madandaulo otere ndi Competition and Fair Trading Commission, CFTC. A Consumers Association of Malawi, CAMA, nawonso amathandiza ogula. Yambani ndi kulembera wogulitsayo uthenga wofotokoza chomwe analonjeza, chomwe mwapeza ndi chomwe mukufuna, kaya kubwezeredwa ndalama kaya kukonzeredwa, mumupatse masiku oti ayankhe. Akazemba tengani screenshot ya poster yoonetsa tsiku, macheza a pa WhatsApp, lisiti kapena umboni wa ku banki, pangano lija ndi lipoti lolemba la makaniko mupite nazo ku CFTC. Ngati munatumiza ndalama galimoto osaiona ndipo foni yazimitsidwa, imeneyo si nkhani ya malonda onamanso, ndi kuba, pitani ku polisi ya Mulanje kapena ya Thyolo tsiku lomwelo ndi nambala imene munatumizako ndi uthenga wotsimikizira kuti ndalama inapita, ndipo muwadziwitsenso a kampani ya foniyo msanga ndalama isanatapidwe.